Mbatatesi ya ku Ntcheu: Ya Pachiwaya Kapena ya Mumphika?

Palibe galimoto imene imadutsa m'boma la Ntcheu n'kutuluka ndi katundu yekhayo amene inalowa naye. Kaya ndi basi yaikulu yochokera ku Lilongwe, kaya ndi minibasi, kaya ndi kagalimoto ka banja, ikafika pa Lizulu kapena pa mphambano ya ku Tsangano imaima basi. Ikamanyamuka imakhala italemedwa ndi matumba a mbatatesi, kabichi, anyezi, karoti ndi nyemba. Munthu amene wadutsa ku Ntcheu n'kukafika kwawo chimanjamanja amakhala ndi mlandu woti akayankhe pakhomo.

Ifenso tinapita m'bomali m'mwezi wa June, nyengo imene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Tinanyamula funso limene likumveka kawirikawiri m'makomo mwathu masiku ano, makamaka m'mabanja amene wina wauzidwa kuchipatala kuti magazi akuthamanga kwambiri kapena shuga wakwera: kodi munthu adye chiyani kuti thupi lichepe koma mphamvu zisathe? Ambiri amaganiza kuti yankho lili m'mabotolo a mankhwala ochepetsa thupi kapena m'zakudya zodula za m'masitolo akuluakulu. Ife tinakapeza yankholo litaunjikidwa milumilu m'mphepete mwa msewu, pamtengo woti banja wamba lingathe.

Msewu umene uli malire

Mukachoka pa Dedza kulowera kummwera, msewu wa M1 umayenda pamsana pa mapiri, ndipo kwa mtunda wautali ndithu msewuwo ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Kudzanja lamanzere n'kwathu, kudzanja lamanja ndi chigawo cha Tete, dera la Angonia. Munthu akhoza kugula tomato ku Malawi, n'kuwoloka phula kukagula anyezi ku Mozambique, n'kubwerera basi isananyamuke. Mbali zonse ziwiri anthu amalankhula chimodzimodzi, amakwatirana, amaikana maliro, ndipo mbewu za m'minda yawo zimakumana pamsika umodzi.

Chakummawa nthaka imatsetsereka kwambiri kulowera kuchigwa cha Bwanje, kumene kumatentha ndipo anthu amalimako mpunga ndi thonje. Kukacha bwino, pamalo ena munthu amaona nyanja ya Malawi ikunyezimira patali. Kumtunda kuno n'kwina. Mapiri a Kirk Range m'malo ambiri amapitirira mamita 1,500 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo mmawa wa June nkhungu imaphimba minda mpaka dzuwa litakwera. Kuzizira kumeneku ndiko chuma cha anthu akuno. Mbatatesi, imene ena amati kachewere, imakonda usiku wozizira. Ikabzalidwa kotentha imangochita masamba, pansi osaika kanthu.

Kuno n'kwa Angoni a Maseko, anthu a Inkosi ya Makosi Gomani. Mbiri yawo siiwala chaka cha 1896, pamene Gomani Chikuse anaphedwa ndi asilikali a atsamunda, ndipo chaka chilichonse amasonkhana pa Nkolimbo pamwambo wa Umhlangano. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 650,000 m'bomali. M'dziko muno muli nthabwala yakuti Mngoni sadya nsima popanda nyama, ndipo eni ake amaiseka okha nthabwalayo. Koma mukalowa m'makhitchini a m'midzi tsiku wamba, lopanda ukwati kapena chiliza, mumphika mumapeza nyemba, khwanya, mpiru kapena kabichi. Nyama ndi ya pa zochitika. Chimene chimalimitsa minda yonseyi ndi nyemba.

Pamsika wa Lizulu

Msika wa Lizulu uli cha kumalire a Ntcheu ndi Dedza. Munthu asanatsike n'komwe m'galimoto, mazenera amakhala atadzaza kale ndi mabeseni. "Yokumba dzulo iyi, amayi!" "Karoti uyu, abwana, ndikuikirani basela!" Mbatatesi amaiyeza m'ndowa ndi m'zigoba, n'kuisanja mpaka kupanga kaphiri pamwamba, ndipo wogula wochenjera amapempha kuti aikhuthule aone za pansi. Pali ya khungu lofiirira, pali yoyera. Ogulitsa amatchula mayina monga Violet ndi Rosita, mitundu imene alimi akuno anaizolowera kalekale, ndipo masiku ano palinso ina imene akatswiri a zaulimi anatulutsa, monga Thandizo, Chuma ndi Zikomo.

Nyemba zili ndi mzere wakewake. Apa mpamene munthu amaona kuti mawu akuti nyemba ndi dzina la fuko lonse. Pali Napilira wa mawanga ofiira, Kholophethe, Nanyati, kayera woyera uja, ndiponso chimbamba chofiira chachikuluchikulu. Tinafunsa mayi wina wachikulire, amene anakhala pakati pa matumba asanu otsekula, kuti ndi ziti zimene zimapsa msanga. Iye anatapa dzanja limodzi n'kutionetsa. "Zonsezi n'za chaka chino, alendo anga. Nyemba imene imatha nkhuni ndi yogonera. Lumani imodzi: yatsopano imamva dzino." Mayiyo ananena zoona. Nyemba zikasungidwa nthawi yaitali pamalo otentha ndi achinyezi zimalimba, ndipo ngakhale muziwiritse theka la tsiku sizifewa bwino.

Alendo awiri amene anakhala eni mudzi

Kuchokera pa mphambano ya ku Tsangano pali msewu umene umakwera mapiri kulowera ku Tsangano kwenikweniko, n'kupitirira mpaka ku Neno ndi Mwanza. Tinautsata msewuwo kuti tikaone kumene katundu wa pamsika amachokera. Mbali zonse mizere ya mbatatesi imatsata mapiri, ndipo m'zigwa muli madimba obiriwira amene amathiriridwa chilimwe chonse. N'chifukwa chake mbatatesi siisowa pamsika chaka chonse: ya mvula ikatha, ya kudimba imakhala yakhwima. Kumtunda kumeneku ena amalimanso tirigu ndi mapichesi.

Ntchito yake si yamasewera. Mvula ikachuluka, matenda a chiwawu amatha kupsereza munda wonse m'masiku owerengeka. Mbewu yabwino imavuta kupeza, ndipo mlimi amene amangobzala yobwezabweza amaona zokolola zikuchepa chaka ndi chaka. Nyemba ndiye amazibzala pakati pa chimanga. Mizu yake ili ndi timatuza timene timakoka chonde kuchokera mumpweya, motero nyemba sizisautsa nthaka. Zisanabereke n'komwe zimayamba kudyetsa banja, pakuti khwanya amatchola nyemba zidakali m'munda.

Mbewu ziwirizi zonse n'zobwera. Mbatatesi kwawo ndi kumapiri a Andes, ku Peru ndi Bolivia, kumene anthu anayamba kuilima zaka masauzande zapitazo. Inafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo kuno inabwera ndi amishoni ndi atsamunda m'zaka za m'ma 1800. Nyemba nazonso zinachokera ku America, madera a Mexico ndi Andes, ndipo zinafika ku Africa kale kuposa mbatatesi. Lero ndani angauze mlimi wa ku Tsangano kuti zimenezi n'zachilendo? Bungwe la United Nations linapatula chaka cha 2008 kukhala chokumbukira mbatatesi, ndi cha 2016 kukhala cha mbewu za mtundu wa nyemba, pozindikira kuti anthu mamiliyoni ambiri amadalira zakudya zimenezi.

Kumene mbatatesi imathera

Madzulo aliwonse malole amatsika mapiri amenewa atasenza matumba ataliatali osokerera pamwamba, ulendo wa ku Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Mbatatesi yambiri ikafika m'tauni imathera pachiwaya. Ngakhale pa boma la Ntcheu penipeni, pamene mabasi amapumira, fungo loyamba kukulandirani ndi la tchipisi. Mnyamata amatapa ndi chipande chobowola, mafuta akuchucha, n'kuwaza mchere wodzaza dzanja, n'kuikapo kabichi wongokwana kukongoletsa mbale.

Apa mpamene mbatatesi inapezera mbiri yoipa yakuti imanenepetsa. Tiyeni tione nambala zake. Mbatatesi yaiwisi, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse ndi madzi. Magalamu 100 a mbatatesi yowiritsa amapatsa thupi makalori osafika 90, makalori kukhala muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka. Magalamu 100 a tchipisi amapereka makalori pafupifupi 300. Kusiyana konseku kumabwera chifukwa pokazinga madzi amatuluka, mafuta n'kulowa m'malo mwake. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Choncho mbale ya tchipisi ya magalamu 300 imafika makalori 900, chimene chili pafupifupi theka la zimene munthu wogwira ntchito yokhala pansi amafunika tsiku lonse. Onjezanipo botolo la zoziziritsa kukhosi, ndiponso dziwani kuti mafuta a pachiwaya nthawi zambiri amatenthedwa mobwerezabwereza mpaka kuda.

Zotsatira za kadyedwe kotere zili kale pakati pathu. Kafukufuku wa STEPS, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi World Health Organization, anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, limene ambiri amangoti BP, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa. Pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapezanso kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyeso. Chakudza sichiimba ng'oma: matenda amenewa amalowa mwakachetechete, ndipo ena amawazindikira tsiku limene afa ziwalo.

Zimene anapeza ku Loma Linda

Pa Mlangeni, m'mphepete mwa msewu womwewu, pali Lakeview, sukulu ya Malawi Adventist University. Anthu a mpingo wa Adventist akhala akulimbikitsa kudya zomera kwa zaka zoposa 150, ndipo chifukwa ena mwa iwo sadya nyama pamene ena amadya, akatswiri a zaumoyo anapeza mwayi woyerekeza magulu awiriwa. Mu 2002 yunivesite ya Loma Linda ku California inayamba kafukufuku wotchedwa Adventist Health Study-2, wa anthu pafupifupi 96,000 a ku United States ndi Canada. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2009 zinaonetsa kuti mwa osadya nyama, pafupifupi 3 mwa 100 alionse ndiwo anali ndi matenda a shuga a akuluakulu, pamene mwa odya nyama anali pafupifupi 8 mwa 100. Osadya nyamawo analinso ochepa thupi poyerekeza ndi anzawo.

Komabe kusiya nyama pakokha sikuchiritsa munthu. Tchipisi mulibe nyama. Mandasi, zitumbuwa ndi zakumwa za shuga mulibenso nyama. Munthu akhoza kukhala chaka chathunthu osalawa nyama koma n'kumanenepabe ngati chiwaya ndicho mphika wake wa tsiku ndi tsiku. Chimene chimathandiza ndi chimene chalowa m'malo mwa nyamayo, ndipo apa nyemba zilibe mnzake. Nyemba zouma, magawo oposa 20 pa 100 alionse ndi mapuloteni omanga thupi. Zili ndi ayironi wothandiza magazi, zilibe mafuta ambiri, ndipo zili ndi faiba wochuluka, uja amagwira ntchito ngati gaga wa mumgaiwa: amachedwetsa chakudya m'mimba, munthu n'kukhala wokhuta nthawi yaitali, shuga osakwera mothamanga.

Moto pansi, moto pamwamba

Banja limene linatilandira kufupi ndi Mlangeni linatiphikira chakudya chimene chinagwirizanitsa zonse tinaona pamsika zija. Linali Lachisanu masana, tsiku lokonzekera Sabata. Bambo a m'nyumbamo anauzidwa kuchipatala chaka chatha kuti achepetse thupi ndi mchere, ndipo mayi anaona kuti kuphika miphika iwiri, wa odwala ndi wa ena onse, n'kutha nkhuni ndiponso kumusala munthu pakhomo pake pomwe. Anasankha kusintha mphika wa banja lonse.

Chakudyacho ndi nyemba zokhala ndi msuzi wokhuthala, zofunditsidwa ndi mbatatesi pamwamba, n'kuwotchedwa pamodzi. Ku Britain kuli chakudya chofanana nacho chotchedwa shepherd's pie, chimene amaphika ndi nyama yogaya, ndipo osadya nyama kumeneko amaikamo nyemba. Kuno sichilira uvuni. Mayi aliyense amene anaphikapo chigumu kapena chikondamoyo, moto pansi moto pamwamba, luso lake ali nalo kale.

Pophikira anthu 6, mayiwo anatenga makapu 2 a nyemba zouma, mbatatesi 8 zapakatikati zokwana ngati kilogalamu imodzi, anyezi 2, tomato 4 wakupsa bwino, karoti 2, timagawo 3 ta adyo, masupuni 3 aakulu a nsinjiro, masupuni 2 aakulu a mafuta, ndi mchere wosadzaza kasupuni kakang'ono.

Nyemba anazinyika m'madzi Lachinayi usiku. Mmawa anataya madziwo, n'kuthira ena, n'kuziwiritsa pamoto waukulu poyamba, kenako pamoto wapakati mpaka zitafewa. Kunyika kumafupikitsa nthawi yophika, kumapulumutsa nkhuni, ndipo kutaya madzi onyikirawo kumachepetsa vuto la mpweya m'mimba limene limachititsa ena kuopa nyemba. Kubwata kwenikweni kwa mphindi 10 kapena kuposerapo n'kofunika, makamaka kwa nyemba zofiira, chifukwa zosapsa bwino zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa. Soda sanathiremo. Amafewetsa msanga, koma amawononga ena mwa mavitamini a gulu la B.

Kenako anaika supuni imodzi ya mafuta m'sefuliya yokhuthala pansi, n'kufewetsamo anyezi ndi adyo, n'kuwonjezera karoti woduladula ndi tomato. Tomato atasungunuka anathiramo nyemba pamodzi ndi msuzi wake pang'ono. Nsinjiro anazisungunula m'kapu ya madzi n'kuthira, n'kusiya zibwate mphindi zisanu. Anatapa chipande chimodzi cha nyembazo, n'kuzinyenya ndi mthiko, n'kuzibwezeramo kuti msuzi ugwirane. Nsinjirozo ndizo zimapereka kukoma kumene ena amakufuna mu tchizi, monga mmene zimachitira m'ndiwo zotendera.

Mbatatesi anazitsuka bwino ndi kuchotsa maso, koma sanazisende, pakuti khungu lili ndi faiba ndiponso limateteza zofunika zina kuti zisathere m'madzi. Iliyonse yobiriwira kapena yomera kwambiri anaitaya, chifukwa yotere imakhala ndi poizoni amene sachoka ndi moto. Anaziduladula mopyapyala ngati ndalama zachitsulo, n'kuziwiritsa mphindi zisanu zokha. Atakhetsa madzi anaziyala pamwamba pa nyemba mosanjikiza ngati udzu wa padenga, n'kupaka supuni yotsala ija ya mafuta pamwamba.

Tsopano panatsala moto. Pambaula anasiyapo makala ochepa okutidwa ndi phulusa, ochulukawo n'kuwaika pachivundikiro. Moto wa pansi ukachuluka nyemba zimapserera mbatatesi isanapse. Patatha mphindi 40 anakankhira makala pambali n'kuvundukula. Pamwamba panali patafiirira, m'mbali msuzi ukutuluka thovu pang'onopang'ono. Amene ali ndi uvuni aike pa madigiri 190 kwa nthawi yofananayo. Mbaula inali pakhonde, ndipo ndi pamalo pake: m'madera ozizira ngati kuno anthu amakopeka kulowetsa makala m'nyumba yotseka, koma mpweya wa makala umapha munthu osamva fungo lililonse.

Tinadya ndi mpiru wofutsa pang'ono ndi tomato wamuwisi. Mwana wamng'ono wa m'nyumbamo anapempha zokanda za m'mbali mwa sefuliya. Titawerengera, gawo la munthu mmodzi linali ndi makalori pafupifupi 450 ndi mapuloteni oposa magalamu 15. Ndi theka la mbale ya tchipisi ija, koma munthu amafika madzulo osafuna chotolatola. Amene akufuna kusungako cha mawa lake achiziziritse msanga, achiike m'firiji, ndipo podya achitenthetse mpaka chitulutse nthunzi. Kumalo otentha ngati ku Bwanje, popanda firiji, nyemba zotendera sizigonera.

Kuchepetsa thupi si kudzikhaulitsa

Titakhuta, mmodzi wa ife anafunsa mwanthabwala kuti nsima ibwera nthawi yanji. Bambo aja anaseka. "Achimwene, nkhondo yanga inali pomwepo. Mwezi woyamba ndinkadzuka patebulo ngati sindinadye." Mawu amenewa akukhudza pamene ambiri a ife timapunthwa. Kwathu kuno mbatatesi timaiyesa ndiwo, ndipo timaidya ndi nsima kapena mpunga. Koma pamagulu 6 a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, mbatatesi ili m'gulu limodzi ndi nsima, chinangwa ndi mpunga. Mphika uwu uli kale ndi chokhutitsa ndi ndiwo zake. Kuwonjezerapo mitanda iwiri ya nsima n'kudya kawiri pa nthawi imodzi.

Njira yosavuta ndi kuyang'ana mbale. Theka lake likhale ndiwo zamasamba, monga mpiru, khwanya, nkhwani, bonongwe, chisoso kapena kabichi, zophika ndi mafuta ochepa. Theka linalo ligawidwe pakati: mbali ina chokhutitsa, mbali ina nyemba, nandolo, khobwe, nzama kapena soya. World Health Organization imalangiza kudya masamba ndi zipatso zokwana magalamu 400 patsiku, ndiponso mchere wosafika magalamu 5, umene ndi wosadzaza kasupuni kakang'ono, kuphatikizapo wa m'buledi ndi m'zokometsera za m'mapaketi. Imalangizanso mphindi zosachepera 150 pamlungu za ntchito yolimbitsa thupi, monga kuyenda mwandawala. Mlimi wa ku Tsangano amakwanitsa zimenezi Lachiwiri lisanathe. Mwana wake amene ali pa ofesi ku Blantyre ayenera kuchita kuzikonzera nthawi.

Kudumpha chakudya cha mmawa ndi cha masana n'kudzadya mwaukali usiku sikuthandiza. Mankhwala otsegula m'mimba amene ena amagulitsa ponena kuti amasungunula mafuta amangochotsa madzi m'thupi, ndipo akhoza kuvulaza. Kutsika ndi theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pamlungu n'kokwanira. Munthu wa makilogalamu 90 akatsika ndi 5 kapena 9 okha, kawirikawiri BP ndi shuga zimayamba kumvera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali zina zofunika kusamala. Wodwala shuga adziwe kuti mbatatesi payokha imakweza shuga msanga, choncho atape nyemba ndi masamba ambiri, mbatatesi pang'ono. Amene ali ndi vuto la impso afunse dokotala kaye, chifukwa mbatatesi ndi nyemba zili ndi potaziyamu wambiri. Amene ali pa mankhwala a BP kapena a shuga asasiye kumwa chifukwa choti asintha kadyedwe. Apite akayezetse, achipatala ndiwo aone ngati mlingo usinthe. Ayironi wa m'nyemba amalowa bwino m'thupi akadyedwa ndi zokhala ndi vitamini C, monga tomato wamuwisi, gwafa kapena malambe, pamene tiyi womwera pachakudya amatsekereza. Ndipo amene asiyiratu zanyama zonse, mkaka ndi mazira omwe, afunika vitamini B12 wa mapiritsi kapena wowonjezeredwa m'zakudya, pakuti zomera sizipereka vitamini ameneyu. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana asaikidwe pa ndondomeko yochepetsa thupi popanda uphungu wa kuchipatala.

Za pakhomo zisathere kumsika

Nkhaniyi ili ndi mbali ina imene tinaiona m'midzi ya kumtunda. Kafukufuku uja wa 2015 mpaka 2016 anapezanso kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'dziko muno anali opinimbira. Zimachitika kuti banja limene lalima nyemba n'kukolola bwino limagulitsa zonse nthawi yokolola, mitengo ili pansi, kuti lipeze fizi, feteleza ndi malata, kenako ana n'kumadya phala la ufa woyera lopanda kanthu. Palibe angadzudzule kholo lofuna fizi. Koma ndowa imodzi ya nyemba yosungidwa bwino m'nyumba ndi ndiwo za miyezi ingapo, ndipo ikadzagulidwanso mu January mtengo wake umakhala wina. Mphika umene ukuthandiza bambo kuchepetsa mimba ndi womwewo umene ungathandize mwana kukula: mwana wopitirira miyezi 6 mukhoza kumupotera mbatatesi ndi nyemba zochotsa makoko, monga timachitira chipere, n'kuthiramo nsinjiro ndi masamba osinja.

Si owerenga onse amene ali pafupi ndi Lizulu, ndipo m'madera ena mbatatesi imadula. Kaphikidwe aka sikasankha mbewu. Ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu kuli nandolo, ndipo pamwamba pake mukhoza kuyala mbatata ya kholowa, makamaka yofiira mkati ija imene ili ndi vitamini A. Ku Chikwawa ndi Nsanje kuli khobwe. Ku Karonga ndi Nkhata Bay nthochi zosapsa, zija amaphikira mbalagha, zimagwira bwino ntchito ya mbatatesi. Maungu nawonso amatheka, ndipo amachepetsanso makalori. Yambani ndi tsiku limodzi pamlungu, nyemba zinyikidwe usiku, ndipo banja lonse lidye mphika umodzi. Pakatha mwezi, pitani kuchipatala chapafupi mukakwere sikelo ndi kuyezetsa BP, mulembe nambalazo m'buku lanu la kuchipatala kuti mudzakhale ndi poyerekezera mwezi wotsatira.